Madzi Operekedwa Chilili

Pa yadi yathu ku Boitekong aliyense amadziwa kuti ababa anagwa kuntchito kwanga, ku paki ya masewera, nakagonekedwa kuchipatala. Azimayi a kutchalitchi anabwera ndi malalanje, anaimba, anapemphera, pochoka nandisisita paphewa kuti ndine mwana wosamala kholo. Chimene sindinauzepo munthu n'chakuti pamene ankagwa ine ndinali chapafupi pomwepo, thileyi ili m'manja, ndipo atafunsa ngati alipo wowadziwa mkuluyo, ine ndinangoti ndi a pa yadi. Ngakhale mwana wanga wobala ndekha ndinamukana masana omwewo.

Ndiyambe ndi mmene ndinapezera ntchitoyo, mwina mungandimvetse.

Ndinabwera ku Joni ndili wamng'ono, amayi atamwalira kwathu ku Dedza. Ababa anali atagwira m'migodi kuyambira unyamata wawo, poyamba ya golide pa kontirakiti, kenako ya kuno. Anthu kumudzi ankawatcha mtchona, koma mtchona ameneyo ndiye anakwera basi kudzanditenga, achibale onse akukankhirana. Ankanditcha mayi, chifukwa ndinatengera dzina la amayi awo. Mayi, bweretsa madzi. Mayi, sukulu yayenda bwanji? Ine madziwo ndinkawapatsa nditagwada, manja awiri, monga anandiphunzitsira malemu. Anzanga a pa yadi ankaseka kuti ndikuchita za kumidzi, koma m'nyumba mwathu zinali choncho basi, ndipo sizinkandilemera.

Ndinakulira pakati pa Atswana, moti ndikamalankhula Chitswana palibe angandiloze chala. Kukoleji ndinatenga satifiketi ya zosamalira alendo, n'kukhala nayo m'sutikesi mpaka m'mphepete mwake munayamba kupindika. Bambo wa mwana wanga anapeza ntchito ku Mooinooi, napezanso mkazi komweko. Tinatsala atatu m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni yadi: ine, mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi, ndi ababa ndi chifuwa chawo cha fumbi la m'migodi. Tonse tinkadya penshoni yawo. Ine ndine munthu wamantha chibadwire. Mwana akatsokomola kamodzi ndimaona maliro, ababa akachedwa kuyankha ndimathamanga kukaona ngati akupuma. Ndinkaganiza masana onse kuti tsiku limene ababa adzatisiye, penshoni idzapita nawo kumanda, ndiye ine ndi kamwanaka tidzalowera kuti?

Atandiitana ku lesitilanti ya mu paki, amanijala, mayi wonenepa wa magalasi, anayang'ana mfunda wanga, womwe umapezekanso pakati pa Atswana, nandifunsa m'Chitswana ngati ndili wa banja la kumudzi wa Segwaelane. Ndinagwedeza mutu movomera. Iwo anapuma mozama nati zili bwino, chifukwa za anthu akunja zinawatopetsa. Mapepala anga ndi abwinobwino, ndipo ku ofesi yaikulu anawaona. Koma wosankha wotsala ndi wochoka mwezi woyeserera ukatha anali mayi ameneyu, ndipo oyeserera tinalipo ambiri kuposa malo. Kukhitchini anzanga akamanyoza makwerekwere, ife obwera, kuti amanunkha, kuti amalanda ntchito, ine ndinkaseka nawo. Nthawi zina ndinkaseka mokweza kuposa onse.

Lesitilantiyo anaimanga ngati komponi ya mgodi ya kalekale. Polowa umadutsa m'kanjira ka mdima ka miyala ya pulasitiki, nyali zikulendewera. M'kati muli mabenchi a matabwa, mbale za malata zosupuka dala, makapu a malata, nyimbo za zitoliro zakale zikulira m'chibokosi chowala. Nyama imabwera pa fosholo yaing'ono. Ife operekera zakudya timavala ovololo, magambutsi ndi zipewa za mumgodi zopepuka ngati chikho. M'makoma muli zithunzi za amuna akuda ali pamzere, zifuwa pamtunda, ndipo alendo amajambulitsa pansi pa zithunzizo akuseka, atakweza zala ziwiri. Ababa sindinawauze zonsezi. Ndinangoti ndi hotela.

Pakati pa chipinda pali chithabwa chofika m'mawondo. Masana aliwonse mnyamata wina amene amasewera ngati kapitawo, ndi wezulo yake pakamwa, amaitana alendo kuti ayese mchongolo. Umakwera pachithabwa, kutsika, kukwera, kutsika, motsatira kugogoda kwa chitsulo, ndipo wopirira kwambiri amapatsidwa pudini waulere. Azibambo a mimba zawo amakwera kangapo, n'kudzigwetsa pa benchi akuseka, akazi awo akujambula. Ine ndinkadziwa kuti mchongolo n'chiyani. Ababa anandisimbirapo kamodzi kokha: chipinda chotentha cha nthunzi, amuna ali maliseche pamzere, akukwera ndi kutsika mpaka mzungu ataimba wezulo, kuti aone ngati thupi lingapirire kutentha kwa pansi. Woima wezulo isanalire ankabwezedwa, ndipo ena ankafika kumudzi opanda ngakhale bulangeti, akazi akuwaseka pachitsime. Ndinkadziwa, komabe masana aliwonse ndinkaomba m'manja pamodzi ndi alendo.

Ife antchito anatipatsa matikiti oti abale athu adzalowe ulere. Anga ndinawaponya m'dirowa ya masipuni. Ababa anawapeza.

Linali Loweruka, anthu ali thithithi. Ndikutuluka m'khitchini ndinawaona akutulukira m'kanjira ka miyala kaja, atavala suti yawo ya kutchalitchi ndi tayi, mwana wanga ali kudzanja, atamuveka diresi la pinki ndi masokosi osiyana. Anali atakwera matakisi awiri ndi chifuwa chimenecho. Anaima pakhomo kupuma, maso akuyenda pang'onopang'ono m'makoma, pa zithunzi, pa mafosholo, n'kudzaima pa chithabwa. Ine ndinabwerera m'khitchini chambuyo.

"Iwe, tebulo la pakona ndi lako," anatero amanijala. "Madala uja ndi kamwana. Aoneka ngati a matikiti aulere, usataye nawo nthawi."

Ndinapita. Mwana anandiona, nkhope n'kuwala, pakamwa n'kutseguka. Ndinamufulumirira, n'kuwerama ngati ndikukonza mbale, n'kumunong'oneza m'Chitswana, chimene amachimva bwino chifukwa cha ku kiresi, sukulu yake ya mkombaphala, kuti tikuchita masewera, pano ine ndine anti, akapambana ndimugulira chibaluni. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, akusekerera. Kenako ndinaweramuka, n'kuwapatsa ababa moni wa alendo, m'Chitswana, mokweza kuti mnzanga amene ankapukuta tebulo loyandikana amve.

Anali atayamba kale kutambasula dzanja. Ndinaona pakamwa pawo pakukonzeka kunena kuti mayi. Anandiyang'ana chipewa, ovololo, magambutsi, n'kubweza dzanja lija pang'onopang'ono, naliika pa bondo. Atayankha, anayankha m'Chifanakalo, chilankhulo cha pansi pa mgodi chimene sanachilankhulepo m'nyumba mwathu, chifukwa ankati n'cholamulira nyama.

"Tili bwino, sisi. Tipatseni chakudya cha komponi tilawe."

Ndinawabweretsera nyama pa fosholo, nyemba ndi mahewu m'kapu ya malata. Anavula chipewa chawo, natseka maso, napemphera motalika monga mwa masiku onse, mwana atatsinzina diso limodzi. Atatha anaitembenuza fosholo ija, naiyang'ana kunsi.

"Sisi, nyama yochuluka chonchi komponi yake iti? Ife tinkapatsidwa fupa, wina akatha kuyamwa apatsire mnzake."

Mnzanga uja anaseka, nati madalayu ndi woseketsa. Ine ndinaseka nawo.

Wezulo inalira. Mnyamata wa ukapitawo anadumphira pakati, akukuwa Chifanakalo chake choloweza pamtima, kuitana amuna enieni. Anakwera bambo wina wa kabudula, anakwera mnyamata wa sukulu, onse anatsika akuseka. Pudini uja anamuyendetsa pa thileyi kuti anthu amuone, wa kasitadi wachikasu, tcheri pamwamba. Mwana wanga anakoka jekete la agogo ake.

"Agogo, ndikufuna chimenechija."

"Ukufuna, chidzukulu?"

"Eee. Anti, ndikufuna chimenechija!" Anandiyang'ana monyadira kuti sanaiwale masewera.

Ababa anaimirira. Anavula jekete, nalipinda bwinobwino, naliika pa benchi. Anamasula tayi, naikulunga, nailowetsa m'thumba. Anthu ataona nkhalamba ya imvi ikupita pakati anayamba kukuwa ndi kuimba mluzu. Mnyamata uja anawafunsa ngati anagwirapo mumgodi.

"Pang'ono," anatero ababa. "Koma mukulakwitsa, kapitawo. Ife tinkachita tili maliseche. Ndivule?"

Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko. Mayi wina anapukuta misozi ndi kansalu. Mafoni anakwera m'mwamba ngati mapesi.

Chitsulo chinayamba kugogoda. Ababa anakwera, natsika, nakwera, natsika. Sanali kuchita ngati enawo. Manja anali m'mbali, msana uli chilili, chibwano m'mwamba, phazi likugunda thabwa pamodzimodzi ndi chitsulo, osaphonya. Nkhope inasanduka ya munthu amene sindinamuonepo, yopanda kanthu, ngati khoma. Anthu anayamba kuwerengera limodzi, kuomba m'manja, kuponda pansi. Mwana wanga anakwera pa benchi akudumpha.

Pa masewera athu mlendo amasiya yekha akatopa. Wezulo imalira pambuyo, kungotsekera. Mnyamata uja ankadikira kuti nkhalamba isiye, ndipo poona mafoni onsewo sankafuna kudula chisangalalo. Koma ababa ankadziwa lamulo limodzi lokha, lomwe linalowa m'mafupa awo asanamere ndevu: suima wezulo isanalire. M'chipinda chonsecho ndinali ine ndekha wodziwa kuti awiriwa akudikirana.

Malaya ananyowa n'kumamatira nthiti. Mpweya unayamba kulira ngati chitseko cha dzimbiri, ndinkaumva ngakhale pakati pa phokoso lonselo chifukwa ndi umene ndimaumvetsera kunyumba. Milomo inachita phulusa. Nthawi iliyonse akafika pamwamba pa thabwa maso awo ankagwera pa ine. Sanali maso opempha. Ankangondiyang'ana, kutsika, kukwera, kundiyang'ananso.

Ndikanati, Ababa, basi. Mawu awiri. Kapena ndikanapita kwa mnyamata uja n'kumuuza m'Chitswana chomwecho kuti aimbe wezulo, palibe akanadabwa. Izi ndimaziganiza tsopano. Pa nthawiyo amanijala anali ataima pambali panga penipeni, akuomba m'manja, akundigunda ndi chigongono kuti taona madala, taona, uyu tikanamulemba ntchito. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa chituluke ndi Chichewa. Ndinangoima, thileyi ili m'manja.

Phazi linaphonya thabwa. Anagwa chammbali, mutu n'kugunda mwendo wa tebulo, makapu a malata n'kubalalika pansi. Ena anapitiriza kuomba m'manja kwa kanthawi, akuyesa ndi mbali ya sewero. Apo m'pamene wezulo inalira.

Anakhosomola atagona pansi, ndipo zimene zinatuluka zinadetsa kolala yoyera imene ndinaisita ndekha. Amanijala anasintha nkhope, nayamba kukuwa kuti aitane ambulansi, kuti anthu asiye kujambula, kuti kodi mkuluyu wabwera ndi ndani, alipo womudziwa? Mwana wanga anatsika pa benchi, nathamanga, nadzandikumbatira mwendo wa ovololo. Masewera anali atawaiwala.

"Amama! Amama, agogo agwa!"

Analankhula m'Chichewa, chomveka bwino, chipinda chili chete. Amanijala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndi wako mwanayu?"

"Ayi," ndinatero. "Ndi a pa yadi yathu, anthu a ku Malawi. Kamwanaka mkazi aliyense kamamutcha mayi."

Ndinamuchotsa zala pa mwendo wanga chimodzichimodzi.

"Ndiye ukuimiranji? Kawatengere madzi."

Ndinatunga madzi m'kapu ya malata. Anali atawakhazika pansi, atatsamira benchi, anthu atazungulira. Nditafika patsogolo pawo mawondo anga anayamba kupinda okha, monga achitira moyo wanga wonse. Ndinawaumitsa. Atsikana a kuno sagwadira mlendo, ndipo ndikanagwada, manja awiri, mutu pansi, bodza langa likanathera pomwepo. Ndinaima chilili, n'kutambasula dzanja limodzi, kapu ili pamwamba pa mutu wawo, ngati ndikupatsa wopemphetsa pa mphambano.

Ababa sanayang'ane kapu. Anayang'ana mawondo anga, nthawi yaitali. Kenako anakweza manja onse awiri, iwo, bambo wondibala, nalandira madziwo ngati mwana, naweramitsa mutu.

"Dankie, sisi," anathokoza.

A ambulansi atawanyamula, amanijala anati popeza ndi a pa yadi yanga, ndiweruke, ndimuperekeze mwanayo kwawo. Anandipatsa pudini uja m'kabokosi kuti agogo ake awina, ndi chibaluni pamwamba. M'takisi mwana sanalire. Anagwira kabokosi pamiyendo mpaka tinadutsa milu ya dothi la mgodi. Ndiye anandifunsa chapansipansi, m'Chitswana, ngati masewera atha.

Mwezi woyeserera utatha anatiitana mmodzimmodzi. Ine ndinatsala pantchito. Amanijala anati chimene chinawakhudza ndi mtima wanga, kuti ndinasamala anthu achilendo ngati abale anga, ndipo anthu otere ndi osowa masiku ano. Ndinathokoza.

Ababa anatuluka m'chipatala atachepa thupi. Adokotala anati mapapo anali otha kale, kugwako kunangofulumizitsa. Tsopano kutchalitchi sapita, ngakhale kukafika pa geti amapuma panjira. Sanauze munthu aliyense zoona zake, kwa azimayi a malalanje aja anangoti anapunthwa. Ine sanandikalipire, sanandifunse, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo yawo. Tsiku limene anafika kunyumba ndinawatengera madzi, n'kugwada pafupi ndi bedi, manja awiri. Anayang'ana kudenga.

"Imirirani, sisi. Mudetsa yunifolomu."

Sindinali mu yunifolomu. Ndinakhalabe chogwada, ndikulira, ndikuti Ababa, pepani, ndinaopa, mukudziwa mmene zilili kunjaku. Anadikira mpaka nditaimirira, ndipo m'pamene analandira. Kuyambira tsiku limenelo ndikagwada salandira. Ndi mdzukulu wawo amacheza m'Chichewa, amamuimbira nyimbo za kwathu, amaseka mpaka kutsamwa. Ndi eni yadi amalankhula Chitswana chawo chothyokathyoka. Ine ndekha ndi wa Chifanakalo. Sisi, mankhwala. Sisi, tsekani zenera. Dankie, sisi. Mawu akuti mayi anawapatsa mwana wanga, amene sanatengere dzina la munthu aliyense.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene sanasiyire, pomwe ankaona kuti enawo akusiya okha. Anandiyankha akuyang'ana pawindo.

"Munthu wosiya amabwezedwa kwawo, sisi. Inu simukudziwa zimenezo?"

Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena za iwo kapena za ine, ngati anakwera thabwa lija kuti andilange kapena kuti mdzukulu wawo adye pudini basi.

Chithunzi chawo chili pakhoma la lesitilanti tsopano, anachichotsa mu foni ya mlendo wina, nachisandutsa chakuda ndi choyera kuti chifanane ndi zinzake. Ali pamwamba pa thabwa, chibwano m'mwamba, maso akuyang'ana pambali, pamene ndinaima ine. Alendo amajambulitsa pansi pake. Ndimachipukuta fumbi Lolemba lililonse, chifukwa khoma limenelo lili kumbali yanga.

Ntchitoyo ndi imene imagula kampope kopumira ka ababa. Ndi imene imalipira kiresi, ndi imene idzatisunge pa yadi ino penshoni ikadzatha, ndipo sipatenga nthawi. Ndikanati Ababa pamaso pa mayi uja, lero bwenzi ndili pakhomo ndi satifiketi yanga m'sutikesi, ndikugwada ndi madzi m'nyumba yopanda mankhwala. Izi ndimadziuza m'takisi popita ndi pobwera, ndipo masiku ena ndimazikhulupirira.

Koma sabata yatha mwana wanga ankasewera panja ndi zidole zake. Anaziika pamzere pa njerwa, chachikulu anachikweza ndi kuchitsitsa mpaka anachigwetsa. Kenako anatenga chidole chachikazi, nachiimika njo, nachilankhulitsa ndi mawu anga enieni, m'Chitswana: si wanga, ndi wa pa yadi. Anandiona ndaima pakhomo, nandisekerera, nandifunsa ngati lero ndine amama kapena anti.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka inu amene munaimapo pamzere wa ntchito m'dziko la eni, mwana akukudikirani kunyumba, tandiuzani. Ababa anapirira mchongolo ali mnyamata kuti ife tidye, ndipo palibe anawatcha woipa. Ine ndinaumitsa mawondo kamodzi kuti mwana wanga adye. Kodi ndinachita bwino? Ngati ndinalakwa, inu pamalo panga mukanagwada?